Zovala za mwana wakhanda: yankho kwa amayi a ku Moatize amene akukachirira ku Ulóngue

Amayi, funso lanu ndaliona. Mwati muli ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, mwana ndi woyamba, mumakhala ku Moatize koma mukachirira kwa amayi anu ku Ulóngue mu Juni, ndipo mukufuna kudziwa zovala zoti mugule ndi kuchuluka kwake. Musanagwire ndalama, ganizirani zinthu ziwiri: nyengo ya kumene mwanayo akabadwire, ndiponso kuti muzichapa kangati. Chiwerengero chonse chichokera pamenepa.

Inu nkhani yanu ili ndi mbali ziwiri, chifukwa mwanayu akumana ndi nyengo ziwiri zosiyana kutalitali asanathe miyezi isanu. Ku Angónia, boma limene kuli Ulóngue, Juni ndi Julaye kumazizira zedi, makamaka m'bandakucha, ndipo nsalu yokhuthala imatha tsiku lonse pachingwe osauma bwino. Mukadzatsika kubwerera ku Moatize, Okutobala ndi Novembala akukudikirani ndi kutentha kwa chigwa cha Zambezi kumene nthawi zina kumadutsa madigiri 40. Choncho zotentha zonse zikhale za msinkhu waung'ono, zoti avale pa miyezi iwiri kapena itatu yoyambirira. Juzi ya miyezi 3 mpaka 6 musagule, idzangogona m'chikwama mpaka kumuchepera.

Za misinkhu anthu ambiri amatayirapo ndalama. Pa kachikwangwani ka chovala mukaona RN kapena NB, ndiye kuti ndi cha mwana wongobadwa kumene, ndipo mwana wobadwa ndi makilo atatu kapena kuposa amachivala milungu iwiri kapena itatu basi. Zina zimalembedwa manambala monga 50, 56, 62. Amenewa ndi masentimita a kutalika kwa mwana, osati miyezi. Ana ambiri amabadwa ndi masentimita pafupifupi 50, ndiye 56 ndi imene ingakuthandizeni poyambira, 62 kudzabwera pambuyo. Masiku oyamba mwana amatsikako sikelo pang'ono, pakatha milungu iwiri amabwerera pamene anabadwira, kenako amakula mothamanga moti pofika miyezi inayi kapena isanu sikelo yake imakhala itawirikiza kawiri. N'chifukwa chake za RN mugule ziwiri kapena zitatu zokha, zotsalazo zikhale za miyezi 0 mpaka 3. Chovala chokulirapo mumangopinda manja n'kuvala, chochepa chilibe mankhwala. Akabadwa wamng'ono, wosakwana makilo awiri ndi theka, abambo ake adzathamangira kumsika nthawi yomweyo, ndipo mwana wotero chimene amafuna kwambiri ndi chifuwa cha mayi, khungu kwa khungu, atavala thewera, kachipewa ndi masokosi basi.

Ndalama zambiri ziikeni pa matewera ndi zitenje, chifukwa ndizo zimada ola ndi ola. Wakhanda amasinthidwa thewera kasanu ndi katatu mpaka khumi ndi kawiri pa tsiku. Ngati mugwiritsa ntchito a nsalu okhaokha, gulani 24: khumi ndi awiri akugwira ntchito lero, enawo ali pachingwe. Ndi kuzizira kwa ku Ulóngue, dazeni imodzi idzakuvutitsani, mudzapezeka mukuwamba thewera pamoto usiku, ndipo thewera louma mwatheka limatha kuyambitsa zilonda m'mphechepeche. Ngati muzisakaniza ndi otaya aja tonse timangoti Pampers, a nsalu 12 akwana, kuphatikizapo paketi imodzi ya nambala 1 yoti mugwiritse kuchipatala, usiku ndi paulendo. Musaunjike mapaketi ambiri a nambala imodzi, mwana amadumpha nambala msanga. Mapini a matewera akhale anayi, aja okhala ndi chotsekera kumutu. Makabudula apulasitiki ovala pamwamba pa thewera awiri akwana, koma asamakhale nawo tsiku lonse, makamaka mukatsikira kotentha, chifukwa amasunga chinyezi khungu n'kupsa.

Zitenje, kapena makapulana monga timanenera kuno, zikhale zosachepera zisanu ndi chimodzi. Ziwiri zimapita pa mphindi zoyamba zenizeni: chimodzi anamwino amapukutira mwana akangobadwa, chachiwiri chouma amamufunditsa ali pachifuwa panu. Zinazo ndi zoyala, zofunda ndi zoberekera. Apa zakale zimaposa zatsopano. Chitenje chatsopano chimakhala cholimba ndipo sichimwa madzi, china chimachucha utoto. Pemphani amayi anu akupatseni zawo zimene zachapidwa kambirimbiri mpaka kufewa, ndipo zatsopanozo muzichape kawiri kapena katatu musanazilongedze.

Tsopano zovala zenizeni. Mavesiti kapena timabodi tomanga ndi mabatani pansi, zisanu ndi chimodzi, za thonje. Zovala zathunthu zophimba manja ndi miyendo, zija ogulitsa amati macacão, zinayi. Majuzi awiri ofewa otsegula kutsogolo. Tizipewa tiwiri kapena titatu, chifukwa mutu wa wakhanda ndi waukulu poyerekeza ndi thupi lake ndipo kutentha kumathawira pamenepo. Masokosi mapeya anayi, poti sokosi ya mwana imasowa ngati ili ndi miyendo yakeyake. Kabulangete kamodzi, shawelo imodzi, matawulo awiri ofewa, ndi tinsalu tating'ono sikisi topukutira mkaka wobwerera, timene mutha kudula pa chitenje chakale n'kupinda m'mbali. Chovala chokongola chotulukira m'chikuta kapena chopitira kutchalitchi chimodzi chakwana, ndipo mwina azakhali abwera nacho. Nsapato ayi. Kajinzi ndi diresi ya maleyisi ambiri ayi, zimakanda.

Chiwerengero chimenechi ndi cha munthu amene akuchapa tsiku lililonse kapena kudumpha tsiku limodzi. Ngati madzi ali kutali, kapena mwachira ndi opaleshoni ndipo wochapa ndi mmodzi, onjezani mavesiti awiri, macacão awiri ndi matewera sikisi.

Posankha, gwirani ndi dzanja, musangoyang'ana ndi maso. Chovala chabwino chimatseguka kutsogolo kapena chili ndi khosi lotambasuka, chifukwa khosi la wakhanda silinalimbe ndipo kumukoka chovala chothina pamutu ndi nkhondo. Chikhale chotseguka pakati pa miyendo kuti usiku wa chisanu musinthe thewera osamuvula thupi lonse, komanso pa katemera wa miyezi iwiri anamwino amafuna ntchafu. Pewani zingwe zomanga m'khosi, mikanda, ndi mabatani osokerera amene angathothoke n'kulowa m'kamwa. Lasitiki ya m'chiuno muikoke: ikakhala yolimba idzakhala pamchombo penipeni. Nsalu ya nayiloni yonyezimira ija ndi yotchipa, koma simwa thukuta.

Zovala za calamidade, zimene abale athu a ku Malawi amati kaunjika, musazinyoze. Mukasankha bwino pa mulu, kaya pa Kwachena ku Tete kaya pamsika wa ku Ulóngue, mumapeza thonje labwino kuposa zambiri zatsopano, poti zovala za makanda sizivalidwa nthawi yaitali. Tembenuzani chovala muone misoko. Yesani batani lililonse, kutseka ndi kutsegula, muone ngati lilibe dzimbiri. Masokosi ndi mapazi a macacão muwatembenuze n'kudula ulusi uliwonse wolendewera, chifukwa kaulusi kamodzi kapena tsitsi la mayi likazengereza kachala ka kuphazi limatseka magazi, mwana n'kumalira osadziwika chifukwa. Mwana akalira mosatonthozeka, kuvula masokosi n'kuyang'ana zala ndi chinthu cha sekondi zochepa.

Chilichonse, chatsopano kaya chakale, chichapidwe mwana asanavale. Sopo akhale wamba wosanunkhira kwambiri, ndipo tsukuluzani mpaka madzi asiye thovu, kawirikawiri katatu. Matewera a chimbudzi muyambe mwachotsa chimbudzicho, muwanyike mu ndowa yakeyake yokhala ndi chivundikiro. Chimbudzi cha masiku awiri oyamba chimakhala chakuda, chomata ngati phula, ndiye masiku amenewo gwiritsani matewera otaya kapena nsalu zimene simudzazidandaula. Mukathira Javel, mankhwala oyeretsa nsalu aja, akhale pang'ono ndipo mutsukuluze kwambiri, apo ayi matako a mwana afiira. Yanikani pachingwe padzuwa, osati pansi, pa udzu kapena pa tchire. Pali ntchentche imene imaikira mazira pa nsalu yonyowa, makamaka yonunkha mkodzo, ndipo mphutsi zake zimalowa pakhungu n'kutupa ngati chithupsa chokhala ndi kabowo pakati. Zimachuluka nthawi ya mvula, imene idzakupezani muli ku Moatize. Kapewedwe kake ndi kusita zovalazo ndi simbi yotentha mbali zonse ziwiri, kutsindika m'misoko. Ya makala imagwira ntchito chimodzimodzi.

Kavalidwe kake, mulingo wosavuta ndi wakuti mwana avale monga mwavalira inu, n'kuwonjezera chimodzi. Kuti mudziwe ngati wafunda bwino, pisani dzanja kumbuyo kwa khosi kapena pachifuwa. Manja ndi mapazi a wakhanda amakhala ozizirira nthawi zambiri, ndipo agogo akagwira pamenepo amawonjezera bulangete lachitatu. Khosi likakhala la thukuta, chotsani chimodzi. Kutenthedwa kumabweretsa totupa tating'ono tofiira m'khosi ndi m'khwapa, ndipo mwana amagona mopitirira osayamwa bwino. Pogona agone chagada, chofunda chilekeze pachifuwa, nkhope ili poyera, m'kati mwa neti ija munalandira kusikelo. Mbaula ya makala musagone nayo m'chipinda chotseka ngakhale kuzizire bwanji, mpweya wake sununkha koma umapha. Tsiku loyamba asasambitsidwe mpaka patadutsa maola 24, kumupukuta n'kumufunditsa kwakwana.

Mchombo umagwa wokha, kawirikawiri pakati pa sabata imodzi ndi iwiri. Nthawi yonseyi thewera lizipindidwa m'munsi mwake kuti mkodzo usafikepo ndipo mphepo izipita. Malamba omangira pamimba amene ena amagulitsa limodzi ndi zovala musagule, amasunga chinyezi. Musapakepo phulusa, mafuta kapena paudala, koma okhawo mankhwala amene achipatala angakupatseni. Pakafiira mozungulira, pakatuluka mafinya kapena fungo, thupi likatentha kapena kuzizira, kapena mwana akasiya kuyamwa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndikudziwa kuti m'mabanja ena akuluakulu safuna kuona zovala za mwana m'nyumba iye asanabadwe. Palibe chifukwa chokanganirana ndi apongozi. Gulani, chapani, sitani, muike m'chikwama chotseka, musungitse kwa amayi anu kapena achemwali anu. Chofunika n'chakuti pofika mwezi wachisanu ndi chitatu chikwama chikhale chokonzeka ndipo chikwere nanu popita ku Ulóngue, poti ana ena sadikira tsiku lolembedwa pakhadi. Chopita nacho ku maternidade, kuchipatala kochirira, chikhale chapadera: zitenje zinayi, matewera sikisi, mavesiti awiri, macacão awiri, kachipewa, masokosi, kabulangete, khadi lanu la kusikelo, ndi nsalu kapena mapadi anu inuyo. Mukafika ku Ulóngue kaonekereni kusikelo ya kumeneko, mufunse anamwino ngati pali china chimene amafuna mayi abwere nacho, chifukwa zipatala zimasiyanako. Zopepuka za nyengo yotentha, mavesiti anayi opanda manja a miyezi 3 mpaka 6, mudzagule mukabwerera ku Moatize, mwana ali pamsana, mutaona thupi lake.