Chitseko cha makina a CNC: mawu kwa anyamata a kwathu ku Kasungu obwera kumene ku Joni

Abale anga ochokera ku Santhe, ku Chamama, ku Mtunthama ndi pa boma pa Kasungu, amene mwangoyamba ntchito m'mafakitale odula ndi kupala zitsulo ku Germiston ndi ku Wadeville, ndikukupemphani kuti musamayendetse makina chitseko chake chili chotsegula, ngakhale kapitawo atakufulumizitsani motani. Kwathu tinakula tikuona amisiri akuwotcherera mafelemu pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu wa M1, galayinda ikulira yopanda chotchingira, choncho tikafika kuno chitseko timachiona ngati chotichedwetsa chabe.

Makina a CNC, omwe ndi makina odula zitsulo oyendetsedwa ndi kompyuta, amatha kuzunguza chitsulo maulendo 3,000 pa mphindi imodzi, ndipo chikapanda kugwidwa bwino m'mano a chuck, chida chopanira chitsulo pa makinawo, chimafwamphuka ngati mwala wa legeni. Ine ndinaziona m'chaka changa chachiwiri kuno. Chitsulo chachikulu ngati chibakera chinasomphoka n'kumenya windo la chitseko cha makina a mnzanga, windolo linang'aluka kuchokera pakona kufika pakati, ndipo pamene panang'alukapo panali molunjika ndendende pa chifuwa chake. Anakhala pansi kwa nthawi yaitali manja akunjenjemera, koma madzulo anakwera takisi yekha n'kupita kwawo.

Pa chitseko pamakhala swichi yoletsa makina kuthamanga chikatsegulidwa. Mudzapeza akale pantchito ataimata ndi tepi kapena atasomekamo kakiyi kapadera, n'kumakuuzani kuti mmisiri weniweni amayenera kuona mpeni ukudya chitsulo. Musatengere. Gawo 15 la lamulo la Occupational Health and Safety Act la 1993 limaletsa munthu aliyense kusokoneza dala chinthu choikidwa kuti chiteteze antchito, ndipo ngozi ikachitika funso loyamba limakhala lakuti anagwira swichiyo ndani. Ndikudziwa bwino kuti mlendo amaopa kukana, poganiza za ana amene akudikira ndalama ya feteleza kumudzi, koma nenani mwaulemu kuti, “Bwana, ndiyamba pokhapokha swichi ikonzedwe,” ndipo munene pamaso pa wina. Muziyang'ananso windo lenilenilo, chifukwa pulasitiki wake amafooka ndi madzi oziziritsira mpeni zaka zikamapita. Likachita chikasu kapena likakhala ndi ming'alu, kaneneni.

Chitseko chachikulu cha fakitale ndi nkhani ina. M'chilimwe mtima umafuna kuchikweza kuti mphepo ilowe, ndipo m'malo ambiri n'zololedwa, makamaka nthunzi ya madzi oziziritsira aja ikachuluka, koma yambani mwafunsa. Miyeso ya zitsulo imawerengedwa pa kutentha kwa madigiri 20, ndipo chitsulo cha mita imodzi chimatalika pafupifupi mamilimita 0.012 pa digiri iliyonse, kotero chisanu cha mu Juni chikalowa m'mawa, ntchito yofuna muyeso wothina ikhoza kukanidwa yonse. Chitseko chotsegula chimaitananso madalaivala ndi ana ongodutsa, opanda magalasi otchinga m'maso, kufika pamene tizibenthu totentha tikuthethekera.

Chomwe sichiyenera kukiyidwa anthu ali mkati ndi chitseko chothawira moto. Tsiku loyamba lomwelo pitani mukachikankhe ndi dzanja lanu, ndipo mukapeza atasanjapo mapaleti kapena migolo ya oyilo, kauzeni kapitawo musanavale n'komwe ovolosi.