Funsani Dokotala: Opaleshoni ya mtsempha waukulu ingawafetse miyendo atate?

Funso: Adokotala, atate anga a zaka 66 awapeza kuti mtsempha waukulu wa magazi watupa pachifuwa mpaka kumimba. Kuchokera kuno ku Chipata awatumiza ku Lusaka kukachitidwa opaleshoni, koma atichenjeza kuti akhoza kufa miyendo. Zikugwirizana bwanji, msana wawo uli bwinobwino? Ndine mayi wa ku Kapata.

Yankho: Amayi, chenjezolo ndi loona. M'kati mwa fupa la msana mumadutsa chingwe cha minyewa chochokera ku ubongo, chimene chimayendetsa miyendo ndi chikhodzodzo. Chingwechi chimalandira magazi kudzera m'timitsempha tophuka pa mtsempha waukuluwo, wotchedwa aorta. Kofunika kwambiri ndi kamtsempha kotchedwa Adamkiewicz, kamene mwa anthu ambiri kamatulukira kumanzere, pakati pa mafupa a msana a kumunsi kwa chifuwa otchedwa T9 ndi T12. Pokonza, dokotala amapana aorta kapena kuikamo paipi yotchinga pakamwa pa timitsemphati, ndipo chingwe chikasowa magazi nthawi yaitali chimafa osachiranso.

Chitetezo chachikulu ndi kapaipi kopyapyala kamene amalowetsa kumunsi kwa msana, cha pa mafupa a msana otchedwa L3 ndi L4, kuti kachotse madzi ozungulira chingwecho. Madziwa akachuluka amafinya chingwe, magazi n'kulephera kulowa. Amawasunga pa mphamvu ya 10 mmHg (muyeso womwe amayezeranso BP), ndipo kawirikawiri sachotsa kupitirira mamililita 10 mpaka 15 pa ola, chifukwa akatuluka mofulumira magazi akhoza kukha m'mutu. BP nayonso amaikweza dala, kuti BP yapakati (ya pakati pa nambala yapamwamba ndi yapansi) isatsike pansi pa 80. Musadabwe mukaona aimitsa mankhwala a BP amene atate amamwa tsiku ndi tsiku. Ena amaziziritsa thupi kufika pa madigiri 32 mpaka 34, kusokereranso timitsempha ta m'nthiti, ndi kuyeza ndi magetsi ngati miyendo ikuyankha munthu ali mtulo.

Chimene achibale ambiri sachidziwa n'chakuti ngozi sithera m'thiyeta. Munthu akhoza kudzuka akugwedeza zala bwinobwino, mawa lake mwendo n'kulemera BP itatsika. N'chifukwa chake kapaipi kamasiyidwa masiku awiri kapena atatu, ndipo anamwino amawauza odwalawo kuti akweze mwendo uliwonse pafupipafupi, ngakhale pakati pa usiku. Akadandaula dzanzi kapena kulemera, itanani namwino pomwepo, osadikira adokotala a m'mawa ndiponso osayamba kuwasisita. Zikagwidwa msanga, kukweza BP, kuchotsa madzi ena ndi kuwonjezera magazi nthawi zina kumabwezeretsa mphamvu.

Bedi musalikweze kapena kulitsitsa nokha, ngakhale atate atapempha kuti adye atakhala, chifukwa chotengera madzi otuluka m'kapaipi kaja chimapachikidwa pa msinkhu woyezedwa. Ngati amamwa warfarin kapena clopidogrel, mankhwala oletsa magazi kuundana, nenani musanapite ku Lusaka, popeza mankhwalawa amaimitsidwa masiku angapo kapaipi kasanalowe.