Funsani Alangizi: kodi nkhuku zingamwe mkaka wa soya ndi chambiko chotsala?

FUNSO: Alangizi, ine ndili ku Ngabu kuno, ndimagulitsa tiyi ndi mandasi pamsika komanso kugulu lathu la amayi tinaphunzira kupanga mkaka wa soya. Nde vuto ndi loti magetsi akazima mkaka umatsala, wa ng'ombe ndi wa soya womwe, kuphatikizapo zotsalira zija zimakhala pansalu ndikamaliza kusefa, kutaya zimandiwawa. Ndili ndi nkhuku zachikuda, za Mikolongwe zingapo ndi abakha. Apongozi anga akuti mkaka umapha nkhuku, anzanga akuti umanenepetsa, ndimvere ndani? Mayi wa ku Ngabu, Chikwawa.

YANKHO: Mayi, apongozi anuwo musawatsutse kwambiri, pali chomwe anaona. Nkhuku siyamwa, nde m'mimba mwake mulibe mphamvu yokwanira yogaya shuga wachilengedwe amene amakhala mu mkaka wa ng'ombe kapena wa mbuzi. Mukaithirira mkaka wambiri m'mbale imwa ndithu mosangalala koma mawa lake mupeza zitosi zamadzimadzi khola lonse, kumbuyo nthenga zitamatirira, ndipo ndi kutentha kwa kuchigwa kuno nkhuku yotsegula m'mimba sichedwa kufooka. Chambiko chili bwinoko chifukwa mkaka ukamasasa gawo lina la shuga uja limatha, komabe kachepe.

Mkaka wa soya ulibe shuga wa mtundu umenewo, nkhani yake ndi ina. Soya wosaphika ali ndi zinthu zomwe zimatsekereza thupi kugaya mapuloteni, nkhuku imangodya koma osakula, anapiye ndiye amapinimbira. Moto ndi umene umathetsa zimenezo. Ndiye zimatengera kapangidwe kanu, ngati mumasinja soya wonyika, nkusefa, nkuwiritsa mkaka wokha, dziwani kuti zotsalira pansalu zija zikadali zaziwisi, ziikeni pamoto zibwate bwinobwino kapena muzikazinge mu chiwaya mpaka fungo la chiwisi lija lithe. Zikapsa ndi chakudya chabwino zedi, ine ndingasankhe zimenezi kusiyana ndi mkaka weniweniwo, poti madeya okha mapuloteni ake ndi ochepa ndipo nkhuku yoikira imafuna ochulukirapo, pafupifupi magawo 16 pa 100 aliwonse a chakudya chake.

Kaperekedwe kake nkosavuta. Musaike mkaka mu chomwera, m'menemo muzikhala madzi oyera basi. Tengani madeya kapena mapira osinja, wazanimo kamkakako nkusakaniza ndi dzanja, zingonyowa moti mukafumbata zigwirane koma mukatambasula dzanja ziyoyoke, osati phala ayi. Perekani m'mawa kusanatenthe, pamthunzi, mlingo woti zimalize musanachoke pamenepo. Zotsala za kukhitchini zonse pamodzi zisapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a zomwe nkhuku yadya tsikulo, komanso osati tsiku ndi tsiku.

Pamene ndikufuna mumvetsetse ndi apa. Kuno mwezi wa October ndi November kutentha kumapyola madigiri 40, madeya onyowa ndi mkaka mukawasiya m'mbale pofika masana asanduka kale zina, ntchentche zaikira, mawa muli mphutsi. M'zakudya zoola mumatha kubadwa poizoni amene amafoola nkhuku, imayamba kulephera kuyenda, mapiko kugwa, khosi lende mutu uli pansi, ndipo abakha anuwo ndi amene amagwidwa kwambiri poti amakonda kufwanthula m'matope ndi m'zonyowa. Anthu akaona choncho amathamangira kunena kuti ndi chitopa kapena wina wathira tameki, pamene nkhani yake ndi mbale yosatsuka. Ndiye kusasa ndi kuola nzosiyana. Chambiko chimanunkhira kuwawasa kwake kodziwika kuja, koma mkaka umene wayamba kununkha, kutanuka ngati ulimbo, kapena wamera chuku pamwamba, kwirirani m'dzenje pomwe nkhuku sizingafukule. Wa soya ukaonongeka sukhala chambiko, umangoola, musaunyengerere. Mbale tsukani ndi sopo muyanike padzuwa.

Tiyi wotsala m'makapu a makasitomala ayi. Muli shuga wambiri komanso masamba a tiyi sayenera nkhuku. Chimodzimodzi mkaka wa m'mapaketi wothira chokoleti, ndi chilichonse chamchere wambiri, nkhuku mchere supita nayo patali. Anapiye ang'onoang'ono asiyeni kaye, apatseni chakudya chouma ndi madzi.

FUNSO: Ndinamva kuti nkhuku ikamaikira mazira a chikamba chofewa uziipatsa mkaka, komanso kuti mkaka wosakaniza ndi tsabola umachiza chitopa. Nzoona? Bambo wa ku Bangula, Nsanje.

YANKHO: Bambo, za chitopazo ayi, musataye mkaka ndi tsabola wanu. Chitopa chimayamba ndi kachilombo ka vairasi ndipo chilibe mankhwala, chomwe chilipo ndi katemera, uja wa I-2 wodonthezera dontho limodzi m'diso, ndipo amabwerezedwa pakatha miyezi 4 iliyonse. Katemerayu ndi wa nkhuku zomwe sizinadwale, nde musadikire kumva kuti kwa aneba zayamba kugwa, kaonaneni ndi alangizi a ziweto a m'dera lanu nthawi yotentha isanafike. Nkhuku yogula pamsika muziyamba mwaisunga payokha masabata awiri musanaiphatikize ndi zinzake.

Za mazirazo pali kachoonadi pang'ono poti mu mkaka muli kashiamu amene amalimbitsa chikamba cha dzira, koma kuti akwane mungafunike kuimwetsa wambiri moti ingayambe kutsegula m'mimba chikamba chisanalimbe nkomwe. Njira yotchipa ili pakhomo panu pomwepo, makoko a mazira aja muziwatsuka, kuwakazinga pang'ono nkuwasinja kuti nkhuku isazindikire kuti ndi dzira, apo ayi iphunzira kuswa ake omwe. Zigoba za nkhono zomwe zimapezeka m'mbali mwa Shire nazo zimagwira ntchito mukaziwotcha nkuzipera. Ikani m'kachitini pambali, yoikira izidzitengera yokha. Komanso dziwani kuti kukatentha kwambiri nkhuku imapuma mwawefuwefu, imadya pang'ono, ndipo zimenezi pazokha zimafewetsa chikamba, nde mthunzi ndi madzi ozizira m'malo angapo pabwalo zisasowe, makamaka kuyambira cha m'ma 11 mpaka dzuwa litapendeka.