Ankhoswe akakhala pansi, mkaziyo adziyankhulire yekha

Mdzukulu wanga wa ku Ndirande, nkhawa yako ndaimva. Ukuti wapeza mbeta yosamva, imene imayankhula ndi manja ndipo imadzidyetsa yokha ndi ntchito yosoka, koma amalume ako akana unkhoswe ponena kuti ana adzabadwa osamva komanso kuti mkazi wotere sangasunge banja. Tsono ukufunsa ngati n'koyenera kuti mungolowana mwa inu nokha. Amene akukuyankhane miyendo inandifota ndi poliyo ndili wamng'ono, ndipo imvi zandimerera ndikuyendera ndodo ziwiri m'misewu ya kuno ku Bangwe.

Usawanyoze amalume ako. Iwo anakula m'nyengo imene ndinakuliramo ine, pamene mwana wolumala ankamubisa kuseri kwa nyumba alendo akafika, ndipo mayi wake ankanenedwa kuti anaphwanya mwambo kapena kuti m'banjamo muli ufiti. Ambiri a ife mayina athu sankatchulidwa. Ankangoti wopunduka uja, gonthi uja. Boma litakhazikitsa bungwe loona za anthu aulumali la MACOHA kudzera m'lamulo la 1971, tinapezako pogwira, poti ena anaphunzira kuwomba nsalu ku fakitale ya ku Bangwe, ena ntchito zamanja ku Magomero, ndipo ana osamva anali ndi sukulu ya Maryview ku Nguludi. Zimenezo zinatithandiza, sindingakane. Komabe otiganizira anali ena, otiyankhulira analinso ena, ife kwathu kunali kulandira ndi kuthokoza. Mphepo inatembenuka pamene mabungwe athu anagwirana manja mu 1999 n'kupanga mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali wa FEDOMA, kuti mwini ulumali azinena yekha pamene pakumuwawa. Malemu mayi Rachel Kachaje, amenenso poliyo inawagwira ali mwana, anali m'gulu la oyambitsa, ndipo mu 2013 anadzakhala nduna ya boma. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, kenaka kunabwera lamulo la anthu aulumali la 2012, limene linalowedwa m'malo ndi la 2024.

Mbiriyi ndakufotokozera pa chifukwa chimodzi. M'mawu ako onse ndamva zimene amalume akunena, ndamvanso zimene iwe ukufuna, koma za mwini wake sindinamve kanthu. Kodi iye akuti chiyani za kulowana popanda ankhoswe? Kodi akudziwa n'komwe kuti kwanu akumukana, kapena wamubisira poopa kumukhumudwitsa? Ngati wamubisira, ndiye kuti iwenso, ngakhale ndi mtima wabwino, wamuika kuseri kwa nyumba kuja.

Za ana, amalume uwayankhe mofatsa. Ana osamva ambiri amabadwa kwa makolo akumva bwinobwino, ndipo kuno kwathu anthu ochuluka anasiya kumva atabadwa kale, chifukwa cha malungo aakulu, chikuku, matenda oumitsa khosi kapena mafinya a m'khutu amene sanachizidwe msanga. Kusamva kobwera ndi matenda otere sikupita kwa mwana. Kulipo ndithu kusamva kwa kumtundu, koma ngakhale mwana atabadwa wotero, adzakhala ndi mwayi umene anzake ambiri saupeza, wa mayi wodziwa chinenero chake kuyambira ali kumsana. Akuluakulu anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza, ndipo amalume omwewo sadziwa kuti ukalamba udzawasiyira makutu otani.

Tsopano ndikufunse iweyo. Ukumukwatira chifukwa wamukonda, kapena chifukwa wamumvera chisoni? Ndaona mabanja omangidwa pa chisoni, ndipo mwamuna akatopa amayamba kuwerengetsera kuti ndinakutola palibe wokufuna. Ndaonanso anyamata ofika usiku kwa atsikana aulumali, masana n'kumawadutsa ngati sakuwadziwa, mimba ikaoneka n'kuthawa. Chikondi chako chidzaoneka m'manja mwako. Chinenero cha manja cha ku Malawi ndi chinenero chathunthu, chokhala ndi malamulo ake, ndipo kulozaloza kumene umachita pogula tomato sikungakwane kukambirana za ndalama za lendi, za matenda kapena za kulera ana. Chiphunzire mwakhama, upite naye kumene osamva anzake amasonkhana, ukhale pakati pawo iwe wosatola kanthu, kuti ulaweko zimene iye amalawa tsiku lililonse akakhala pakati pa abale ako.

Kulowana mwa inu nokha ndikukuletsa. Malamulo aakulu a dziko lino, m'gawo 20, amaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, ndipo gawo 22 limapatsa mwamuna ndi mkazi aliyense ufulu womanga banja, choncho amalume alibe mphamvu yokutsekerezani. Koma ukwati wopanda ankhoswe amene umamupweteka kwambiri ndi mkaziyo. Mukadzayambana, poti mudzayambana ndithu, iwe udzatha kufotokozera mudzi wonse mbali yako ndi pakamwa, pamene iye adzasowa kokatula. Pita kwa mayi ako akayankhule ndi alongo awo, ndipo amalumewo akakanitsitsa, mbumba siisowa wamkulu wina woti aimirire. Uwapemphe kuti asanagamule ayambe amuona mkaziyo pa makina ake, aonenso mmene amachitira ndi makasitomala ake, pakuti ambiri amakana munthu amene sanakhalepo naye pansi.

Tsiku lokumana ankhoswe a mbali zonse pakhale womasulira, ndipo womasulirayo asakhale iwe, chifukwa mwini nkhani samasulira mlandu wake womwe. Bungwe la osamva la MANAD lingakuthandizeni kumupeza. Mukumane masana kapena pamalo owala, mkaziyo akhale poti aziona nkhope za onse, anthu aziyankhula mmodzimmodzi, ndipo wofunsa aziyang'ana iyeyo, osati womasulira. Mwambo wathu umati mkazi aziwerama pamaso pa akuluakulu, koma ameneyu amamvera m'maso, choncho uwachenjezeretu amalume kuti akawayang'anitsitsa asadzati ndi mwano.