Kodi Ndingapange Fuel Cell Pakhomo Panga?

FUNSO: Akonzi, ndine mphunzitsi wa sayansi ndipo ndimakhala ku Matawale kuno ku Zomba. Magetsi akathima madzulo ndimalephera kuchonga ntchito za ana. Ndinamva za chipangizo chotchedwa fuel cell chimene chimatulutsa magetsi popanda utsi. Kodi chimagwira ntchito bwanji, nanga ndingathe kuchipanga ndekha?

YANKHO: Zikomo aphunzitsi chifukwa cha funso lanu. Fuel cell imafanana ndi batire, koma siisunga mphamvu m'kati mwake. Imatulutsa magetsi malinga ngati ikulandira mpweya wa hayidirojeni mbali imodzi ndi wa okisijeni mbali inayo. Hayidirojeni akakhudza pulatinamu (mtundu wa chitsulo) wopakidwa mbali yoyamba, amagawikana kukhala tinthu ting'onoting'ono totchedwa mapulotoni ndi maelekitironi. Pakati pamakhala kachikopa kopyapyala kamene kamalola mapulotoni okha kudutsa, motero maelekitironi amakakamizika kulambalala kudzera mu waya, ndipo kuyenda kwawoko ndiwo magetsi amene amayatsa babu. Akafika tsidya linalo, onse amakumana ndi okisijeni n'kusanduka madzi. Selo imodzi imapereka mavoti pafupifupi 0.7 okha, n'chifukwa chake opanga amasanjikiza maselo ambiri. Wasayansi wa ku Britain, William Grove, anaonetsa fuel cell yoyamba mu 1839, ndipo zombo za Apollo zopita kumwezi zinkapeza magetsi ndi madzi akumwa kuchokera ku ma fuel cell a mtundu wina.

Koma yowunikira nyumba sindikukulangizani kuti muipange. Pulatinamu ndi wokwera mtengo kwambiri, kachikopa kaja n'kochita kuitanitsa kunja, ndipo vuto lalikulu koposa ndi hayidirojeni mwiniwakeyo. Kuti mumupeze pakhomo muyenera kugawa madzi pogwiritsa ntchito magetsi, ndipo pomubwezanso kuti akhale magetsi mudzakhala mutataya mphamvu yoposa theka la imene munalowetsa. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti mpweyawu sununkha, lawi lake silioneka bwino masana, ndipo umayaka ukangofika magawo 4 pa 100 alionse a mpweya wa m'chipinda. M'nyumba imene mumayatsidwa mbaula kapena kandulo, imeneyi ndi ngozi yoopsa. Pa zochonga zanuzo, sola yaing'ono ndi batire zidzakuthandizani bwino pa ndalama zochepa.

Yophunzitsira ana yokha mungathe kuipanga, ndipo ndikukulimbikitsani kutero. Sungunulani soda wophikira m'tambula ya madzi, viikanimo mitima iwiri yakuda ya pensulo mosakhudzana, ndipo muilumikize ku batire ya mavoti 9 kwa mphindi zingapo mpaka tithovu titamatirira pa yonse iwiri, ta hayidirojeni pa umodzi ndi ta okisijeni pa winawo. Mukachotsa batire n'kuikapo mita yoyezera magetsi, ana adzaona magetsi akuchokera m'tambulamo, kenako akutsika pamene tithovuto tikutha. Musagwiritse ntchito mchere m'malo mwa soda chifukwa umatulutsa mpweya wa poizoni wa kolorini, ndipo muchite zonsezi mazenera ali otsekula, kutali ndi moto.