Kunsi kwa chubu kukayera, vacuum yapita

Achimwene, mwafunsa za machubu a galasi a geyser yanu ya sola amene ayera kunsi. Musawamvere amene akuti choyeracho ndi laimu wa madzi a pa borehole. Laimu amakhala mkati momwe muli madzi. Chimene mukuona kunsi kwa machubu atatu a geyser yanu ya sola chili pakati pa magalasi awiri, momwe madzi safika n'komwe.

Chubu lililonse ndi magalasi awiri, lina mkati mwa linzake, ndipo pakati pake anapopamo mpweya wonse kuti kutentha kusathawe; malo opanda mpweyawo ndiye vacuum. Koma pampu siimaliza, komanso galasi likamatenthedwa zaka ndi zaka limatulutsa timpweya tina. Ndiye kufakitale amaikamo kamphete kokhala ndi chitsulo chotchedwa barium, amati getter. Akatseka chubu amakatenthetsa ali kunja, barium n'kumatirira kunsi ngati kalilole wa siliva. Iyeyo ndiye amadya oxygen, nayitrojeni, carbon dioxide ndi chinyezi chotsala. Mpweya wakunja ukalowa amakhuta nthawi yomweyo, n'kuyera ngati ufa. Sabwereranso.

Kwerani padenga masana mugwire. Chubu labwino limazizira kunja ngakhale madzi mkati akuwira. Lakufa limafunda m'manja, mwinanso muona nthunzi pakati pa magalasi.

Chimandipsetsa mtima ndi anyamata oika awa. Kunsi kwenikweni kuli kansonga komwe anatsekera chubu. Amatsitsa katoni yochokera ku Lusaka ngati thumba la chimanga, amaimika machubu pa simenti, kansonga n'kuchita mng'alu wosaoneka, pakatha milungu iwiri siliva yense mbee. Choipitsitsa ndi ichi: amamanga m'mawa, machubu ali gwa padzuwa la Okutobala opanda madzi, mkati kupitirira madigiri 200, kenaka cha m'ma 13 koloko wina atsegula pompi. Mumangomva thu! thu! Madzi otentha ndi magalasi kutsetsereka pa malata, ana ali pansi pa khonde. Mukawaimbira akuti ndi matalala. Matalala ati ku Chipata mvula isanayambe? Foni n'kuzima.

Kukonza kulibe, asakudyereni ndalama. Guluu kapena silikoni sizibweza vacuum. Sinthani chabe. Yezani kaye, chifukwa alipo a 58 mm ndi 1800 mm, alipo a 47 mm ndi 1500 mm, ndipo salowana. Pogula tsegulani katoni pomwepo muone kunsi kwa lililonse, losawala siliva lisiyeni. Musanyamule chogoneka pa njinga popanda katoni.

Sinthani m'mamawa dzuwa lisanatuluke. Tsekani madzi, khuthulani thanki, masulani kapu yakunsi, kokani chubu mopotokola. Samalani, limakhala ndi madzi pafupifupi malita 3 ndipo angakhale akadali otentha. Onani labala ya pakamwa pa thanki, ngati yauma sinthaninso. Pakani madzi a sopo kumutu kwa chubu latsopano, osati girisi, lowetsani mopotokola pang'onopang'ono, kenaka likhazikeni mu kapu kansonga kasagunde chitsulo. Dzazani madzi nthawi yomweyo.

Komabe ngati ndalama palibe manje, ndipo atatuwo sakudontha, asiyeni pomwepo. Pa machubu 20, otsala 17 aja akutenthetserani ndithu, kungoti mu Juni ndi Julayi osamba chakumapeto adzadandaula. Musazule n'kusiya dzenje, thanki yonse ithera pamenepo.