Za foni ya mwana wa zaka 11, ndiyankheko mbali imeneyi

Achemwali, mwafunsa ngati mumugulire mtsikana wanu wa zaka 11 foni ya intaneti poti akulira kuti anzake onse ali nazo, komanso za tabuleti yophunzirira. Za tabuletizo ayankhe ena. Pa foni ndikuti musagule kaye.

Ngati nkhawa yanu ndi yomupeza akaweruka kusukulu, mugulireni ya mabatani, tima Itel timeneti. Ndinkationa cha m'ma K30,000, mwina pano takwera, mitengo ya masiku ano mukuidziwa. Batire limakhala masiku angapo ngakhale magetsi azizimazima, ndipo ikabedwa mu minibasi simulira kwambiri.

Koma chenjerani ndi foni yanu yomweyo. Mnyamata wa achimwene anga, wa Sitandade 7, sanamugulire n'komwe foni. Ankangobwereka ya mayi ake, ati aone za homuweki. Alamu anga akamagula mayunitsi a magetsi iye amaima pambali, maso ali pa zala zawo, mpaka PIN anailoweza. Kenako anayamba kubetcha, za kandege zija. Amachotsa K500, mawa K1,000, uthenga wa ndalama ukangolowa n'kuufufuta msanga. Zinaululika tsiku lokapereka ndalama ku banki m'khonde, alamuwo ali pakati pa azimayi anzawo, kuyang'ana mufoni n'kupeza mwatsala nyenyeswa. Lamulo limati kubetcha ndi kwa a zaka 18 kupita m'tsogolo, koma nambala inalembetsedwa m'dzina la mayi, ndiye ndani akanadziwa kuti akudina ndi mwana? Mnyamatayu ndi waulemu, wa kwaya kutchalitchi, palibe ankamuganizira. Choncho PIN ya Airtel Money kapena Mpamba isintheni lero lomwe, ndipo isakhale chaka chanu chobadwa.

Amene mwalemba kuti ife tinakula opanda mafoni ndiye angomukwapula, zikomo, koma sizithandiza. Ife tinkasewera fulaye, phada ndi jingo chifukwa kunalibe china. TV ya dziko lino inayamba mu 1999, ndipo ambirife tinkakaonera pawindo la aneba. Mukamukwapula azikaonera pa foni ya mnzake kuseri kwa kalasi, inu osadziwa kanthu.

Ngati bambo ake alimbikira kuti agule basi ya intaneti, ikanimo pulogalamu ya Google yotchedwa Family Link musanamupatse m'manja. Ndi yaulere. Imakuonetsani zomwe waika mufoni, mumatha kukana, komanso mumaikira nthawi yoti foni izitseka yokha usiku. Polembetsa akaunti ikani zaka zake zenizeni, musamukulitse. TikTok, Facebook ndi Instagram eni ake amanena kuti wosakwana zaka 13 asalowe, ndiye wanuyo sanafike n'komwe. Usiku foni izigona kuchipinda kwanu, pa tchaja, popanda kukambirana.

China choopsa kwa atsikana ndi anthu omutumizira bandulo kapena ma unitsi. Mukaona mwana ali ndi data yomwe inu simunagule, funsani komwe yachokera tsiku lomwelo. Amayamba ndi kabandulo ka K1,000, kenako amvekere tumiza chithunzi. Zikafika poteropo musafufute mauthengawo ndi mkwiyo, ndi umboni. Imbani 116, nambala yothandiza ana, ndi yaulere, kapena pitani kupolisi ku Victim Support Unit, ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza.

Ndipo poti akuyandikira Sitandade 8, mudzaona timagulu ta WhatsApp tonena kuti tili ndi likasa la mayeso, ati tumizani ndalama tikupatseni mapepala. Ndi akuba amenewo, amadyera makolo omwe. Komanso ngati mukuganiza zodzamutumiza kusukulu yogonera konko, funsani kaye malamulo awo, zambiri zimalanda mafoni pageti pomwe.